Alendo Onyowa a ku Mibawa

Sonkhezani chikuni icho, ndipo amene ali ndi foni aibise kaye m'thumba, chifukwa nkhani iyi siyenda bwino pali zowala. Ndi nkhani ya alamu anga a Lusiyano Kachiwanda ndi mwana wawo wamkazi Tiyanjane. Sindinachite kumva kwa munthu. Ndinalipo, pakuti ndine ndinkaimba ng'oma m'bandi yawo kuyambira tili anyamata.

A Lusiyano anakwatira mlongo wanga Esinati, amene iwo ankamuitana ndi mfunda wathu, Anangondo. Bandiyo inali ngati ya pabanja. Alamu anga ankaimba gitala, mlongo wanga ankapolokoza ndi mawu achiwiri kwinaku akugwedeza chisekese, ine kumbuyo ndi ng'oma zanga. Tiyanjane anakulira kuseri kwa masipika. Atakula anayamba kutsogolera nyimbo, ndipo iye ndi mayi ake akaimba pamodzi, sukanadziwa pamene mawu a mwana athera ndi pamene a mayi ayambira.

Kenaka chinafika chaka chimene phiri linagumuka. Mvula inagwa osapuma, mpaka m'mawa wina matope ndi miyala zinatsika kumtunda n'kusesa nyumba za anthu ngati zinyalala. Akuluakulu ankati wadutsa Napolo. Tsiku limenelo a Lusiyano ndi Tiyanjane anali kwathu kuno kumunsi, mvula itawatsekereza. Mlongo wanga anali atatsala kunyumba akumva malungo. Sitinamupeze. Tinakumba ndi makasu, tinakumba ndi manja, tinayenda m'zipatala kuvundukula nsalu, koma ayi ndithu. Pomaliza tinaika thunthu la nthochi m'bokosi, monga achitira anthu akasowa mtembo. Mabanja ambiri anachita chimodzimodzi.

Kuchokera pamenepo Tiyanjane anasiya kuimba. Ngakhale kutchalitchi ankangogwira buku, milomo ili chotseka.

Mumzinda mwathu muli paki imene timaitcha ku Mibawa, chifukwa cha mitengo ikuluikulu yomwe inandanda m'mphepete mwa mtsinje. Mtsinjewo ndi womwe uja wochokera kuphiri. Chaka ndi chaka mu Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, kumeneko kumachitika chikondwerero cha nyimbo kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu. Kumabwera magulu a kumpoto, a pakati, ena ochokera kunja kwenikweni, ndipo anthu amadzaza paki yonse mpaka ena kukwera m'mitengo. Chaka chimenecho okonza chikondwerero anatiitana kuti tikaimbe Loweruka dzuwa likamalowa, nthawi imene oimba onse amailakalaka.

"Mwanangu, ngakhale nyimbo imodzi yokha," a Lusiyano anamupempha Tiyanjane ine ndili pomwepo.

"Ababa, ndikatsegula pakamwa ndimadikira mawu a amayi," iye anatero. "Akapanda kubwera ndimatsamwa."

Bambo ake sanamukakamize. Koma m'mawa wa Lachisanu, tikukweza zida m'kagalimoto kathu, tinangoona watuluka m'nyumba atasamba kale. M'manja anali atanyamula chisekese cha mayi ake, chomwe chinapulumuka chifukwa chinkakhala m'thumba la ng'oma zanga. Anachiika m'chikwama chake, n'kukwera kumbuyo.

Tisanafike pachipata cha paki pali mlatho. Pamenepo magalimoto anali atathinana, ndipo tinaima. M'mbali mwa msewu munali gulu la anthu oyenda pansi, amayi obereka ana, azibambo, nkhalamba zingapo. Sankacheza. Bambo wina wamtali, wofunda bulangete m'dzuwa lonse lija, anabwera mbali yanga n'kugwira chitseko.

"Pepani achimwene, ku Mibawa ndi kuno?"

"Ndi komweko, mukangowoloka apa."

"Nyimbo ziyamba liti?"

"Madzulo ano. Mwachokera kutali?"

"Kumtundaku," anatero. "Takhala chete nthawi yaitali."

Ankalankhula mwaulemu, koma maso ake sanali pa ine. Ankayang'ana kumbuyo kumene kunakhala Tiyanjane. Ndinamva fungo la dothi lonyowa, lija limamveka ukamakumba chitsime. Magalimoto atayamba kuyenda, ndinaona kuti pamene anagwira panatsala chidindo cha dzanja, chamadzi osakanikirana ndi matope ofiira. Ndinati mwina amachokera koumba njerwa. Ndinapukuta ndi chipewa n'kuiwala.

Masana a tsikulo anatipatsa mpata woyesa zida papulatifomu. Woyendetsa makina a mawu anali bambo wina wa ku Rumphi, dzina lake Gomezgani, munthu wanthabwala amene tinkadziwana naye kalekale. Iye ankakhala pakatenti kake pakati pa bwalo, atavala zomvera m'makutu. Tiyanjane anaimirira pa maikolofoni yake n'kuyamba nyimbo motsitsa, mawu akunjenjemera. Sanafike patali, Gomezgani anakweza dzanja kuti tiime.

"A Kachiwanda, kodi amene akupolokozayo ali kuti? Sindikumuona."

"Palibe wopolokoza," alamu anga anayankha.

"Musandiseke, akulu. Pa maikolofoni yachitatuyo pali mayi akuimba mawu achiwiri."

Tonse tinatembenuka. Maikolofoni yachitatu inali chiimire payokha kumanzere kwa Tiyanjane, pamalo pamene mlongo wanga ankakonda kuima. Gomezgani anabwera yekha, akung'ung'udza za mawaya akale amene amakoka mawu a wailesi. Anawerama kuti azule waya wake. Anapeza waya uli pansi, wosalumikizidwa kulikonse, ndipo nsonga yake inali m'kachithaphwi ka madzi. Anaimirira pang'onopang'ono. Nthabwala zinamuthera, ndipo sanationenso kumaso mpaka tinatsika.

Titatsika, Tiyanjane anatsegula chikwama chake n'kuyamba kufufuza. Anakhuthula zonse pansi.

"Amalume, mwatenga chisekese?"

"Ayi, mayi. Si unachisunga wekha?"

Chikwamacho chinali paphewa pake tsiku lonse, zipi ili chotseka. Foni inalimo, mafuta odzola analimo. Chisekese chokha ndicho chinasowa, ndipo pansi pa chikwamacho panali chinyezi.

Loweruka tinafika dzuwa lili pamutu. Paki inali itadzaza kale. Fumbi linali kobo, nyama ikununkhira m'mbali monse, achinyamata akuvina ngakhale pamene sipankaimbidwa kanthu. Ine ndinapita kukagula tchipisi pachiwaya cha mayi Asiyatu, mayi wachikulire amene chaka chilichonse ankaika chiwaya chake kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi mibawa. Ndinawapeza akusamutsa katundu wawo.

"Bwanji mayi, malo abwinowa mukuwasiya?"

Anayang'ana uku ndi uku asanayankhe. "Achimwene, kuyambira dzulo pakumabwera anthu kudzaotha moto wangawu. Kutentha konseku, iwo manja ali pamoto. Sagula, salankhula. Kamwana kena ndinakapatsa tchipisi, kanangoyang'ana ngati kaiwala ntchito yake. Akachoka, pansi pamatsala matope."

"Mwina ndi a kumisasa aja, amene nyumba zawo zinapita."

"Ndinaganiza choncho inenso," anatero. "Koma mmodzi ndamudziwa. Tinkagulitsa limodzi tomato pamsika. Kumwambo wa maliro ake ndinapitako."

Tchipisi ndinagula, koma sindinadye.

Kuseri kwa pulatifomu nako kunali madandaulo. Mlonda wina ankafunafuna jekete lake. Mtsikana wa gulu lovina anasowa zitenje ziwiri, woimba wina wa ku Zambia anasowa juzi. Chodabwitsa n'chakuti mafoni ndi zida zodula zinali pomwepo poyera, palibe anazikhudza. Zinkasowa ndi zofunda zokhazokha.

Ndinawakokera pambali a Lusiyano. "Alamu, tiyeni timutenge mwanayu tizipita. Malo ano sali bwino."

Anapitiriza kumanga nsambo ya gitala. Kenaka anati, "Anthuwo ndawaona, alamu. Kuyambira pamlatho paja ndikuwaona. Koma mwanayu wadzuka yekha kuti aimbe. Ndikamubweza lero, sadzaimbanso mpaka kalekale."

Tinakwera papulatifomu dzuwa litafiira kuseri kwa nyumba zitalizitali za m'tauni. Anthu anakuwa atamuona Tiyanjane, poti ambiri ankadziwa zimene zinagwera banja lathu. Tinayamba ndi nyimbo zovina. Mawu ake anayamba mwamantha, kenaka anamasuka, ndipo bwalo lonse linagwedezeka. Ine pang'oma ndinkaona mitu ya anthu ikuwinduka ngati chimanga pamphepo.

Koma kumapeto kwenikweni, pansi pa mibawa, kunali anthu amene sankavina. Anali ambiri, kuposa aja a pamlatho. Anangoima chilili, mapewa ali ogundana. Magetsi amitundumitundu aja akamazungulira bwalo ankawala pa aliyense, koma akafika pamenepo zinkakhala ngati kuwalako kwamira. Ndipo ndinaona kuti anthu ovina amene anali pafupi nawo ankasunthira kutsogolo pang'onopang'ono, akudzigwira m'mikono ngati amva chisanu, osadziwa chimene akuthawa.

Mdima utayamba kugwira, Tiyanjane anatembenukira kwa bambo ake n'kutchula nyimbo imene sitinakonzekere. Inali nyimbo yodekha imene iye ndi mayi ake ankaimba awiriwiri, yonena za mayi amene akuitana mwana wake kuti abwere kunyumba kwada. A Lusiyano anapukusa mutu, koma iye anali atayamba kale.

Ndime yoyamba anaimba yekha. Pofika pakolasi, mawu achiwiri analowa.

Sanamveke m'makutu mwa Gomezgani mokha ulendo uno. Anatuluka m'masipika onse, oyera, ozama, akupuma pamalo pomwe mlongo wanga ankapumira. Anthu anaomba m'manja ndi kuliza malikhweru poganiza kuti taika mawu ojambulidwa kale pofuna kumukumbukira. Ine timitengo ta ng'oma tinandigwa m'manja. Kukatenti kuja ndinaona Gomezgani atavula zomvera zake, manja ali m'mwamba kusonyeza kuti sakugwira chilichonse. Tiyanjane anatseka maso, misozi ikutsika, koma ankamwetulira ndipo sanaphonye liwu ndi limodzi lomwe.

Kenaka jenereta inazima. Magetsi onse anathima, masipika anati zii.

Anthu anayamba kukuwa monga achitira magetsi akazima, koma phokosolo silinakhalitse. Linazilala kuyambira kumbuyo kubwera kutsogolo, chifukwa nyimbo ija inali isanathe. Inkamveka kuchokera kumibawa. Sanali mawu amodzi tsopano, anali ambiri, aamuna ndi aakazi ndi ana, otsika ngati anthu akuimba atatseka pakamwa. Ndipo pakati pawo pankamveka chisekese, tse, tse, tse, mosathamanga.

Sindinaonepo chikhamu chotero chitakhala chete chomwecho. Mphepo yozizira inadutsa m'bwalo, yonunkha matope.

Tiyanjane anasiya maikolofoni n'kutsika masitepe. Sanathamange. Anthu ankamupatukira okha, ndipo anayenda pakati pawo molunjika kumtsinje.

"Tiyanjane!" bambo ake anaitana. Sanacheuke.

A Lusiyano anavula gitala n'kudumpha, ine pambuyo pawo. Njira imene anthu anamupatukira ija inali itayamba kutsekeka, ndipo tinachita kukankha. Pofika kumibawa sitinapezepo munthu woima. Panali matope okhaokha oterera, ndipo waya wa mpanda anali atagwa pansi. Nyimbo inali itatsikira kumtsinje.

Mu Okutobala mtsinje umenewo umakhala kakhwawa chabe, mwana amaudumpha. Koma tinamupeza Tiyanjane ataima m'madzi ofika m'mawondo, ndipo madziwo ankakwera. Kutsogolo kwake, m'mabango, munali mdima wochindikala kuposa mdima wina wonse, ndipo unkasuntha. Sindinganene kuti ndinaona nkhope. Ndinaona ngati mapewa, ngati mitu yofunda nsalu, ndi china chake chonga dzanja chitatambasuka.

Bambo ake analowa m'madzi n'kumugwira mkono. Ine ndinagwira winawo. Unali wozizira ngati mwala wa m'chitsime, ndipo mtsikana woonda uja ankatikoka amuna awirife ngati ana.

"Ndisiyeni, ababa," anatero ndi mawu odekha. "Amayi akundiitana. Akuti sakudziwa njira. Onsewa akhala akungozungulira mumtsinje muno. Akuti nyimbo za maliro tinaimbira nthochi, iwo sanazimve. Akufuna wowatsogolera nyimbo."

Madzi anafika m'chiuno. Mapazi anga ankamira m'matope.

Apo a Lusiyano anasiya kukoka. Anapita kutsogolo kwa mwana wawo, n'kuima pakati pa iye ndi mabango aja. Anawerama pang'ono n'kuomba m'manja mwaulemu, monga achitira mkamwini pofika pakhomo.

"Anangondo," anatero. "Ndine, mwamuna wanu. Takumvani. Tinalakwa, tinakusiyani m'chisanu. Koma mwanayu ndisiyireni. Sanakwatiwe, sanabereke, sanaone kanthu. Ngati mukufuna wokutsogolerani, amene munayamba kuimba naye ndani? Si ine kodi?"

Chisekese chinasiya kulira. Kunangomveka madzi akuwomba m'miyendo mwathu.

"Alamu," anatero osatembenuka, "mbumba ndi yanu iyi. Igwireni."

Ndiye anayambitsa nyimbo ya maliro, ija timaimba ponyamula bokosi kuchoka pakhomo. Mawu awo anali okalamba, osasalala, koma anaikweza. Poyamba anali okha. Kenaka kumtunda kwa gombe mayi wina anapolokoza, ndipo ndinawazindikira mawu a mayi Asiyatu. Ena anatsatira. Nyimbo inayenda kuchoka pamibawa kulowa m'bwalo, mpaka chikhamu chonse chija, achinyamata omwe aja a mabotolo m'manja, chinali kuimba mumdima. Ambiri ankalira mokweza. Mumzinda muno ndi ochepa amene sanataye munthu chaka chimenecho.

Mkono wa Tiyanjane unafewa, ndipo anandigwera pachifuwa ngati wakomoka. Ndinamunyamula kutuluka naye m'madzi. Nditacheuka, ndinaona msana wa alamu anga ukulowera kumunsi, akuyenda pakati pa mtsinje pang'onopang'ono, akuimbabe. Mdima uja unkayenda nawo, kutsogolo ndi m'mbali. Mawu awo anamveka mpaka anakhota pagomo, kenaka sitinawamvenso.

Jenereta inadzayaka yokha, koma palibe gulu lina linakwera papulatifomu tsiku limenelo. Anthu anatuluka mwakachetechete ngati akuchokera kumanda. Ife ndi alonda ndi Gomezgani tinatsata mtsinje ndi matochi. Madzi anali ataphwa, kakhwawa kaja katabwerera mwakale. M'mabango tinkangopeza majekete, zitenje ndi majuzi, zonse zitapindidwa bwinobwino n'kuikidwa pamiyala.

A Lusiyano anabwera okha m'mawa wa Lamulungu. Tinali pakhonde kwathu, Tiyanjane atatupa maso, pamene tinawaona akulowa pachipata, opanda nsapato, matope atauma mpaka pachifuwa. Mwana wawo anawathamangira n'kuwakumbatira, ndipo iwo anamusisita kumutu.

"Munali kuti, ababa?"

"Ndimaperekeza alendo," anatero. "Afika."

Koma sanabwerere mwakale. Kutentha konse kwa mwezi umenewo iwo ankakhala padzuwa atavala chikhoti, manja ali m'khwapa. Chakudya ankangotola pang'ono. Kuchipatala anawayeza zonse osapeza nthenda. Komabe nkhope yawo inali yamtendere kuposa miyezi yonse ija ya m'mbuyo. Madzulo ankamuitana Tiyanjane kuti akhale pafupi, n'kumamuphunzitsa gitala, nyimbo ndi nyimbo, ngakhale zija zakale zimene anazisiya mwanayo asanabadwe. Mtsikanayo ankaimba, mawu ake atabwerera onse.

Tsiku lina ndinawapeza okha akuyang'ana kumwamba, kumene mitambo inali itayamba kusonkhana.

"Alamu, kodi kumene munapita kuja anakulolani bwanji kubwerera?"

Anaseka pang'ono. "Mlongo wanu mukumudziwa, sachedwa kumva chisoni. Ndinamupempha kuti andibwereke masiku ochepa, ndimusiyire mwanayu nyimbo. Anati chabwino, adzanditenga ndi mvula yoyamba." Anandigwira dzanja, ndipo linali lozizira. "Musamuuze."

Sindinamuuze. Ndinkangodzuka m'mawa uliwonse n'kuyang'ana mitambo, ndikupemphera chinthu chimene mlimi aliyense akanandituka nacho, kuti mvula ichedwe.

Inabwera mkati mwa Novembala, masana. Zimene zinachitika anandiuza ndi Tiyanjane. Anali kuseri kwa nyumba akuanula zovala mothamanga, madontho oyamba akugunda pamalata. Bambo ake anali pampando wawo pakhonde. Anawamva akulankhula ndi munthu, mawu awo ali osangalala ngati a mnyamata.

"Mwafika? Lowani pakhonde, mukunyowa. Ayi, sindichedwa. Dikirani ndivale nsapato."

Tiyanjane anaganiza kuti ndine. Anazungulira nyumba zovala zili m'manja kuti adzandipatse moni. Pakhonde panalibe mlendo. Bambo ake anali pampando, mutu utapendekera pakhoma, akumwetulira, atapita kale. Nsapato imodzi inali kuphazi, inayo ili m'manja.